Chingwe cha Desmond Doss: Kuunika Kanema wa Hacksaw Ridge

Makanema a nkhondo ndi ochuluka, ndipo ambiri mwa iwo amaphunzitsa chinthu chimodzi: kuti ngwazi ndi munthu amene wagwetsa adani ambiri. Mwana amene wakulira pafupi ndi tinyumba toonetsera mavidiyo ta m'misika yathu amalidziwa phunziro limeneli asanayambe n'komwe kulemba dzina lake. N'chifukwa chake kanema wa Hacksaw Ridge, amene anatuluka mu 2016 motsogoleredwa ndi Mel Gibson, ayenera kuunikidwa mofatsa. Ngwazi yake sinaphe munthu ndi mmodzi yemwe. Mbiri yake yonse yagona pa chiwerengero cha anthu amene inawanyamula kuwachotsa pakamwa pa imfa.

Funso limene tikufuna kuliyankha ndi ili: kodi kanemayu wamuchitira chilungamo munthu ameneyu, kapena wangobwereka dzina lake kuti atigulitse nkhondo yomwe ija itavala malaya atsopano? Funsoli n'lofunika chifukwa anthu ambiri, makamaka achinyamata, sadzawerenga buku lililonse lonena za nkhondo ya ku Okinawa. Zimene adzadziwe za kulimba mtima, za chifundo ndi za mtengo wa moyo wa munthu pa bwalo la nkhondo adzazitenga m'mphindi 139 za kanemayu.

Munthuyo ndi zimene anachita

Desmond Thomas Doss anabadwa pa 7 Febuluwale 1919 ku Lynchburg, m'chigawo cha Virginia ku America. Anali wa mpingo wa Seventh-day Adventist, womwe kwathu kuno timaudziwa bwino chifukwa cha mishoni ya Malamulo ku Thyolo. Dziko lake litalowa m'Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, iye ankagwira ntchito pa doko lokonzera sitima za pamadzi ku Newport News, ntchito imene ikanatha kumupatsa chilolezo chosapita ku nkhondo. Mwayi umenewo sanautenge. Analowa usilikali pa 1 Epulo 1942, koma ananeneratu zinthu ziwiri: kuti sadzagwira mfuti, ndi kuti tsiku la Sabata sadzagwira ntchito wamba kupatula yothandiza odwala ndi ovulala. Anamuika kukhala wachipatala m'gulu la 307 la asilikali oyenda pansi, pansi pa chigawo chachikulu cha 77.

Kumapeto kwa Epulo 1945 gulu lake linafika pa phiri la Maeda pa chilumba cha Okinawa, limene asilikali a America analipatsa dzina loti Hacksaw Ridge. Phirili ndi lalitali pafupifupi mamita 120, ndipo kumtunda kwake kuli chiphedi choongoka cha mamita pafupifupi 10 chimene ankachikwera pogwiritsa ntchito maukonde onyamulira katundu m'sitima. Mkati mwa phirimo asilikali a Japan anali atakumba mapanga ndi njira zolumikizana. Tsiku lina a America atakwera, anakumana ndi moto wa mizinga ndi mfuti zachiwaya kotero kuti amoyo anathawira pansi, kusiya anzawo ovulala ali ngundangunda pamwamba. Doss anatsala. Anawakoka mmodzimmodzi kufika nawo m'mphepete mwa chiphedi, n'kumawatsitsa ndi chingwe chimene anachikulunga pa chitsa cha mtengo.

Akuluakulu ake anati anapulumutsa anthu 100. Iye anakana, nati sangapose 50. Anagwirizana pa 75, ndipo chiwerengero chimenecho ndicho chinalembedwa pamene Pulezidenti Harry Truman anamuveka mendulo ya Medal of Honor pa 12 Okutobala 1945. Anali munthu woyamba wokana kugwira chida chifukwa cha chikumbumtima kulandira ulemu wapamwamba umenewu. Kukangana kwa chiwerengeroku kukutiuza zambiri za khalidwe lake: pamene ena amakokera mbiri kwawo, iye ankaikankhira kutali.

Zimene kanemayu wakhoza

Tiyambe ndi kuyamikira, chifukwa pali zoyenera kuyamikiridwa. Andrew Garfield, amene wasewera ngati Doss, wapewa msampha waukulu wa zisudzo za anthu opembedza. Akanatha kutionetsa munthu wa nkhope yachisoni, wolankhula ngati ali pa guwa nthawi zonse. M'malo mwake watipatsa mnyamata wakumudzi, wowonda, womwetulira mwamanyazi, amene kuuma mutu kwake kumakwiyitsa anzake popanda iye kufuna kuwakwiyitsa. Sadzudzula aliyense chifukwa chonyamula mfuti. Akungonena kuti iye sangathe. Kusiyana kumeneku pakati pa munthu wosunga chikhulupiriro chake ndi munthu woweruza anzake ndi kovuta kukuonetsa m'sewero, ndipo Garfield wakuonetsa bwino.

Gawo la ku kampu ya maphunziro ku Fort Jackson lili ndi choonadi chimene owerenga ambiri a magazini ino adzachizindikira msanga. Aliyense amene anapemphapo chilolezo kwa bwana kuti akapemphere Lachisanu masana, kapena amene anakanapo chakudya pagulu anzake akumuseka, akudziwa kulemera kwa maso a anthu pa munthu amene akuoneka ngati akufuna kudzipatula. Anzake a Doss ankamugenda ndi nsapato akamapemphera, ndipo akuluakulu ake anayesa kumuchotsa usilikali ponena kuti mutu wake sukuyenda bwino. Kanemayu waonetsa molondola chifukwa chake: iwo sankadana ndi Mulungu wake, ankaopa kuti pa tsiku la nkhondo padzakhala munthu mmodzi pambali pawo amene sadzawateteza. Mantha awo anali omveka, ndipo olemba seweroli, Robert Schenkkan ndi Andrew Knight, achita bwino posawasandutsa zilombo.

Koma pachimake pa kanemayu ndi usiku wa chingwe. Apa Gibson, amene amadziwika ndi phokoso, wadekha. Tikuona ntchito ya kupulumutsa monga momwe ilili: kukwawa, kufufuza amene akupumabe pakati pa mitembo, kumanga bala, kukoka thupi lolemera kuposa lako, kumanga mfundo ya mphete ziwiri, kutsitsa pang'onopang'ono, kukoka chingwe chopanda kanthu, n'kubwereranso. Zikhatho za Doss zanyuka ndi chingwe mpaka kutuluka magazi. Nthawi iliyonse akatsitsa munthu akupempha Mulungu kuti amuthandize kupeza wina mmodzi yekha. Pempheroli silinapekedwe ndi olemba sewero. Doss mwini ankalinena pofotokoza za tsikulo. Nzeru yake ndi yakuti munthu sangalimbe mtima kupulumutsa anthu 75. Mtima wa munthu ungathe kusenza mmodzi basi, kenako wina mmodzi. Kanemayu wamvetsa kuti ungwazi wa mtundu umenewu ndi ntchito yobwerezabwereza, yotopetsa, yofanana kwambiri ndi ya mayi wodwazika matenda kuchipatala kusiyana ndi ya katswiri wa nkhonya.

Pali kachigawo kena kakang'ono koyenera kukumbukiridwa. Pothawa adani, Doss akulowa m'phanga n'kukumana ndi msilikali wa Japan wovulala. Awiriwo akuyang'anizana mwamantha, kenako Doss akumumanga bala. Kwa mphindi yochepa imeneyo kanemayu akukumbukira kuti magazi alibe mtundu. Luso la kalumikizidwe ka zithunzi ndi kasakanizidwe ka mawu linapatsa kanemayu mphoto ziwiri za Oscar mwa zisanu ndi imodzi zimene anapikisanapo, ndipo woonera gawo limeneli sangadabwe.

Pamene kamera ikutsutsana ndi mwini nkhani

Vuto lalikulu la Hacksaw Ridge ndi lakuti muli mitima iwiri. Mtima wa Doss umanyansidwa ndi kupha. Mtima wa kamera umakondwera nako. Nkhondo ikangoyamba, pakatha pafupifupi ola lathunthu, tikuona matumbo ali panja, miyendo itaduka, anthu akuyaka ndi moto wa mfuti zolavula malawi, makoswe akudya mitembo. Ena anena kuti zimenezi n'zofunika kuti woonera amve kuopsa kwa malo amene Doss analowa chimanjamanja. Mfundo imeneyi tikuivomereza pang'ono. Nkhondo yoyeretsedwa, yopanda magazi, ndi bodza loipa kuposa nkhondo yoonetsedwa poyera.

Komabe pali kusiyana pakati pa kuonetsa chilonda kuti anthu achite mantha ndi kuchionetsa kuti aombe m'manja. Pamene msilikali wina akunyamula theka la mtembo wa mnzake ngati chishango, n'kumathamanga akuwombera ndi dzanja limodzi, woonera sakumva chisoni. Akumva kukoma kwa sewero. Pamene matupi oyaka moto akuonetsedwa mwapang'onopang'ono, nyimbo zikukwera, kamera ikutipempha kusirira kukongola kwa malawi. Ndipo pamene Doss akukoka Sajeni Howell pa bulangete, sajeniyo ali chagada akugwetsa adani ndi mfuti yake, nkhani ya kupulumutsa yasanduka chonyamulira nkhani ya kupha. M'tinyumba ta mavidiyo tija, zigawo zimenezi ndi zimene zidzaimbiridwe malikhweru, ndipo mnyamata adzatuluka akukumbukira mfuti ya Smitty kuposa chingwe cha Doss.

Gawo lomaliza la nkhondo likuonetsa vutoli poyera. Asilikali akudikira Doss kuti amalize kupemphera asanakwerenso phiri, chinthu chimene anzake anachitira umboni kuti chinachitikadi. Koma zotsatira zake m'kanemamu ndi chikondwerero cha kupha, ngati kuti pemphero la munthu wokana mfuti ndilo lanola mfuti za anzake. Kenako Doss, atavulala, akutsitsidwa pa machira kamera ili pansi pake, thupi lake likuoneka ngati likukwera m'mitambo. Munthu amene anakana kulandira mbiri ya anthu 100 wasandutsidwa chithunzi cha pa khoma la nyumba yopemphereramo. Kumukweza motero ndi kumuchotsa pakati pathu. Woyera wa m'mitambo timangomusirira. Munthu wamba wochita zabwino amatipatsa ngongole yoti nafenso tichite chimodzimodzi.

Zimene zasinthidwa ndi zimene zasiyidwa

Palibe kanema amene angathe kusenza moyo wonse wa munthu, ndipo sitikudandaula ndi kusintha kulikonse. Smitty ndi Sajeni Howell ndi anthu opeka oimira anthu angapo, pamene Kaputeni Jack Glover analipodi, ndipo kumapeto tikumuona ali wokalamba akuvomereza kuti munthu amene ankafuna kumuchotsa m'gulu lake ndi amene anadzapulumutsa moyo wake. Dorothy Schutte sanali namwino pamene anakumana ndi Doss, ndipo ukwati wawo unachitika bwinobwino mu Ogasiti 1942. Nkhani yoti mkwati anatsekeredwa m'chitokosi pa tsiku la ukwati ndi yowonjezera. Mlandu wa m'khoti la asilikali, momwe bambo ake akulowa atavala yunifolomu yakale ndi kalata m'manja, nawo ndi wopeka, ngakhale kuti kuopsezedwa ndi mlandu kunalipo. Zoterezi ndi mchere wa sewero.

Koma pali zinthu zitatu zosiyidwa zimene zikusintha tanthauzo la nkhani yonse.

Choyamba, kanemayu akutichotsa ku kampu ya maphunziro n'kutiponya ku Okinawa ngati kuti imeneyo inali nkhondo yoyamba ya Doss. Zoona zake n'zakuti mu 1944 anali atatumikira kale ku Guam ndi ku Leyte m'dziko la Philippines, kumene analandira mendulo ya Bronze Star kawiri chifukwa chothandiza ovulala zipolopolo zikuvumba. Pofika ku Maeda anzake anali atasiya kale kumunyoza. Kusiyana kwake n'kwakukulu. M'kanema, kulimba mtima kukuoneka ngati chozizwitsa chimene chimagwera munthu usiku umodzi. M'moyo weniweni chinali chizolowezi, chomangidwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi yambiri, kotero kuti tsiku lalikulu litafika iye anangochita zimene anali atazolowera kuchita. Phunziro lachiwirili ndi lothandiza kwambiri kwa wachinyamata kuposa loyambalo.

Chachiwiri, zimene zinachitika pa 21 Meyi 1945 pafupi ndi Shuri zadulidwa. Usiku umenewo bomba la m'manja linamuvulaza miyendo. M'malo moitana wachipatala mnzake kuti achoke pobisala, anadzimanga yekha mabala n'kudikira maola asanu. Onyamula machira atamutenga, anaona munthu wina wovulala kwambiri kuposa iye, ndipo anadzigwetsa pa machirapo n'kuwauza kuti ayambe atenga mnzakeyo. Akudikira kuti abwerere, chipolopolo chinamuphwanya mkono. Anamangirira thako la mfuti ku mkonowo kuti uwongoke, n'kukwawa mtunda wa pafupifupi mamita 270 kukafika pa malo a chithandizo. Gibson ananena kuti anazisiya zimenezi poopa kuti oonera sangazikhulupirire. Chodabwitsa n'chakuti anapeza malo a msilikali wothamanga ndi theka la mtembo, koma anasowa malo a munthu wopereka machira ake kwa mnzake. Pamenepa ndi pamene tikuona bwino zimene wokonza kanemayu amakhulupirira kuti anthu amafuna kuona. Akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, koma Doss anazimira mnzake zake zomwe zikuyaka, ndipo chimenecho ndicho chinali choyenera kukhala chimake cha nkhani.

Chachitatu ndi mtengo umene analipira. Doss anabwerera kwawo ndi chifuwa chachikulu. Anakhala akulowa ndi kutuluka m'zipatala kwa zaka zoposa zisanu, anachotsedwa phapo limodzi ndi nthiti zisanu, ndipo pambuyo pake mankhwala amene ankalandira anamugonthetsa makutu. Sanathenso kugwira ntchito yolemetsa moyo wake wonse, ndipo mkazi wake ndi amene anasenza gawo lalikulu la banja. Anamwalira pa 23 Malichi 2006 ku Piedmont, m'chigawo cha Alabama. Kanema amene amathera pa mendulo amauza mnyamata kuti nkhondo imatha tsiku limene mfuti zaleka kulira. Mabanja a asilikali akale kulikonse akudziwa kuti imalowa nawo m'nyumba n'kukhala mpaka ku manda. Amene akufuna kumuona Doss wa zaka zimenezi apeze kanema wa zochitika zenizeni wotchedwa The Conscientious Objector, wokonzedwa ndi Terry Benedict mu 2004, momwe mkuluyu akulankhula yekha pamodzi ndi anzake amene anawapulumutsa.

Eni chilumba ali kuti?

Woonera Hacksaw Ridge angaganize kuti Okinawa chinali chipululu chimene magulu awiri a nkhondo anachisankha kuti akamenyanepo. M'kanema monsemo simukuoneka mwini dziko ndi mmodzi yemwe. Chikhalirecho pa chilumbachi panali midzi, minda, sukulu ndi manda a makolo. Nkhondoyi, imene inayamba pa 1 Epulo ndi kutha pa 22 Juni 1945, inapha asilikali a America oposa 12,000 ndi asilikali a Japan ochuluka kangapo kuposa pamenepo, koma inaphanso pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi alionse a ku Okinawa. Ena anafa ndi mabomba, ena ndi njala, ena anathamangitsidwa m'mapanga ndi asilikali a dziko lawo lomwe, ndipo ena anakakamizidwa kudzipha. Pa chikumbutso chotchedwa Cornerstone of Peace ku Mabuni, chimene chinatsegulidwa mu 1995, panalembedwa mayina oposa 240,000 a anthu onse amene anafa, posayang'ana mtundu wawo kapena mbali imene anali.

Ngati mutu wa kanemayu ndi ulemu wa onyamula ovulala, ndiye kuti pa chilumba chomwecho, m'masabata omwewo, panali ena ochita ntchito yomweyo. Atsikana a sukulu 222 ndi aphunzitsi awo 18, odziwika ndi dzina loti Himeyuri, anatengedwa kukatumikira m'chipatala cha asilikali a Japan cha m'mapanga a Haebaru. Ankanyamula madzi ndi chakudya mabomba akugwa, kugwira odulidwa miyendo, kutaya mitembo. Oposa theka la iwo sanabwerere kwawo. Sitikunena kuti Gibson anayenera kupanga kanema wa atsikanawa. Tikunena kuti kanema amene akulalikira kupatulika kwa moyo wa munthu sanayenere kufufuta anthu onsewa ngati kuti sanakhaleko.

Asilikali a Japan nawo, kupatula wa m'phanga uja, akuoneka ngati dzombe: akutuluka pansi mwaunyinji, akukuwa, alibe mayina, alibe mawu omveka. Akaonetsedwa pafupi ndi pamene akunamizira kugonja kuti aphulitse bomba, kapena pamene mkulu wawo akudzing'amba mimba. Nkhanza za gulu lankhondo la Japan m'nkhondo imeneyi n'zodziwika, ndipo agogo athu a King's African Rifles amene anakamenyana nalo ku Burma mu 1944 anaziona ndi maso awo. Koma Doss wa m'kanemamu anathandiza mdani wovulala chifukwa anaona munthu mwa iye. Kanema amene akutamanda maso oterowo, iye mwini n'kukana kuyang'ana nawo, akudzitsutsa yekha.

Funso limene kanemayu walizemba

Pali funso lovuta limene nkhani ya Doss imadzutsa, ndipo kanemayu wangolikhudza n'kulithawa. Kodi munthu amene akumanga mabala a asilikali kuti ena mwa iwo abwerere kukawombera ali kunja kwa nkhondo? Doss mwini sankadzinyenga pa mfundo imeneyi. Ankakhulupirira kuti dziko lake linali ndi chifukwa chomenyera nkhondo, ndipo ankakana kutchedwa wotsutsa. Ankadzitcha wothandizana nawo motsata chikumbumtima. Anali m'gulu la anthu amene anakwera chiphedi kukapachika maukonde amene anzake anakwerera kukamenya nkhondo. Ndipo pamene ankatsitsa ovulala, anali moyo mwa zina chifukwa ena ankagwira mfuti zimene iye anazikana. Kunena zimenezi sikuchepetsa ulemu wake. Kukungosonyeza kuti m'nkhondo mulibe malo ouma oti munthu aimepo osanyowa, ndipo kanema wolimba mtima akanamulola Doss kulimbana ndi funsoli usiku ali yekha, m'malo moliyankha ndi nyimbo zachipambano.

Mbiri ikutionetsanso kuti mtima wopulumutsa sukhala mwa okana zida okha. Pa 26 Epulo 1915, pafupi ndi Wieltje m'dziko la Belgium, msilikali wa ku Tirah dzina lake Mir Dast, wa gulu lankhondo la India ya nthawi ya atsamunda, anatsogolera anthu ake pa nkhondo ya Ypres akuluakulu ake atagwa. Tsiku lomwelo, iye mwini atapuma mpweya wa poizoni, anathandiza kunyamula akuluakulu a asilikali asanu ndi atatu, Angerezi ndi Amwenye, kuwachotsa pa moto wa adani. Mfumu George V inamuveka mendulo ya Victoria Cross ku Brighton mu Ogasiti chaka chomwecho. Patapita zaka ziwiri, pa dera lomwelo la Wieltje, dokotala wa Chingerezi Noel Chavasse anapitiriza kufunafuna ovulala iye atavulala kale, mpaka anamwalira pa 4 Ogasiti 1917. Ndi mmodzi mwa anthu atatu okha amene analandira Victoria Cross kawiri. Msilamu wonyamula mfuti, dokotala mwana wa bishopu, ndi Msabata wokana chida: atatuwa anasiyana pa zambiri, koma onse anafika pa mphindi imene thupi limati thawa, iwo n'kubwerera kumene kunali kubuula. Chimene chinawabweza ndi chimene kanema wa nkhondo ayenera kuchifufuza, ndipo chimapezeka mwa anthu a zikhulupiriro zonse.

Tikumbukirenso kuti amene analandira mamendulo ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi amene anachita ntchitoyi. M'Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse, amuna miyandamiyanda a dziko lino anatengedwa kukhala amtengatenga, kusenza katundu ndi machira a asilikali m'nkhalango za kum'mawa kwa Africa, ndipo ambiri anafera m'njira ndi matenda ndi njala. Palibe anawalembera kalata yotamanda ntchito yawo, ndipo mayina a ambiri a iwo sanalembedwe pa mwala uliwonse. Mbiri ya Doss tili nayo chifukwa panali anthu olemba, boma lopereka mamendulo, ndi makampani a makanema a ndalama. Poonera nkhani yake tiyenera kudziwa kuti akuimira khamu la onyamula anzawo amene palibe adzawapangire kanema.

Chigamulo chathu

Kodi tsono Hacksaw Ridge ndi woyenera kuonera? Inde, kwa akuluakulu ndi achinyamata okhwima maganizo. Kwa ana ayi, chifukwa magazi ake ndi ochuluka kwambiri. Ndi kanema wopangidwa mwaluso, woseweredwa bwino, amene wabweretsa poyera munthu amene dziko linali pafupi kumuiwala. Ndi wosowa pakati pa makanema a Hollywood chifukwa wachitira ulemu munthu wopemphera popanda kumuseka. Usiku wa chingwe uja ndi chimodzi mwa zigawo zabwino kwambiri zimene makanema a nkhondo atipatsa m'zaka zaposachedwapa.

Koma ndi kanema wochepa poyerekeza ndi munthu amene akumufotokoza. Doss anakana mfuti ndi mtima wonse. Kanemayu waikana ndi pakamwa pokha, maso ake akuisirira. Wasiya machira operekedwa kwa mnzake, wasiya zaka za m'chipatala, wasiya anthu a ku Okinawa, ndipo m'malo mwake watipatsa malawi ndi nyimbo. Choncho tikulangiza makolo, aphunzitsi ndi atsogoleri a magulu a achinyamata amene angaonetse kanemayu kuti asalole anthu kubalalika akangotha. Akhale nawo pansi, awauze za pa 21 Meyi ku Shuri, za phapo ndi nthiti zisanu, za atsikana a Himeyuri, za Mir Dast. Kenako awafunse kuti mwa anthu onse amene awaona pa phiri lija, ndi uti amene angafune kuti akhale pafupi nawo tsiku limene iwo adzagwe.

Ambiri a ife sitidzaponda pa bwalo la nkhondo, ndipo tipemphe Mulungu kuti zikhale choncho, pakuti nkhondo simanga mudzi. Koma madzi osefukira, ngozi za pamsewu, moto wa m'misika ndi miliri zimafika m'madera mwathu chaka ndi chaka, ndipo nthawi zonse pamakhala ogwa ndi othawa. Pa nthawi zoterozo sipafunika mendulo kapena thupi lamphamvu. Pamafunika munthu amene anazolowera kale kusamala za mnzake pa zinthu zazing'ono, wodziwa kumanga bala ndi mfundo yolimba, amene akatsitsa mmodzi amatembenuka kukafuna wina.